KWA MALUME NDI KWATHU, KOMA MALAWI NDI DZIKO LA ENI

Nyengo yokolola ikatha, anthu a m'boma la Lundazi amayamba maulendo. Ena amapita kumsika wa ku Jenda, ena kucipatala ca mishoni ku Embangweni, ena kukapepesa maliro kapena kukaona ana awo okwatiwa m'boma la Mzimba. Ambiri sadziyesa alendo ai, pakuti cinenero ndi cimodzi, ziwongo ndi zomwezo, ndipo Angelezi polemba malire sanafunse mafumu athu. Zonsezi n'zoona. Koma ciyambire caka ca 1964, pamene Malawi analandira ufulu pa 6 July ndi Zambia pa 24 October, awa ndi maiko awiri, lirilonse ndi malamulo ake.

Mzika ya Zambia sifunika viza pokaceza ku Malawi. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, nayesa kuti kusafunika viza ndiko kulowa mwaufulu monga m'khola losatseka. Viza ndi cilolezo cimene dziko limapatsa mlendo kuti alowe. Pasipoti ndi buku la Boma lanu lokucitirani umboni kuti ndinu yani. Cakhululukidwa ndi viza cabe. Reji yanu yobiriwira ija ndi yamphamvu kuno kwathu, koma payokha siikuolotsani malire.

Okhala kufupi ndi malire angathe kupempha boda pasi kwa ofisala wa Imigireshoni pa Lusuntha. Pepala limeneli ndi la ulendo waufupi, wa masiku owerengeka. Wofuna kupita kutali kapena kukakhalitsa atenge pasipoti. Mukadindidwa pa Lusuntha, mudindidwenso pa Mqocha, cipata ca Malawi, ndipo musanacoke pazenera funsani kuti akupatsani masiku angati. Safunsa anadya phula. Ngati maliro kapena matenda akucedwetsani, pitani ku ofesi ya Imigireshoni ya komweko masiku anu asanathe, kuti akuonjezereni.

Anyamata amene mitima yawo iri ku Joni amvetsetse bwino apa. South Africa imalola a ku Zambia kukaceza popanda viza, koma kuceza si kugwira nchito, ndipo nchito iri ndi cilolezo cake capadera. Kuyambira mu 2014, munthu wopitiriza masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa caka cimodzi kufikira zaka 5. Mnyamata wotere amabwerera kumudzi cimanjamanja, khomo litamtsekekera kumbuyo.

Tikudziwa cimene ena adzanena: njira za zalewa ziripo, njinga imadutsa m'munda osaonana ndi munthu. Inde imadutsa, kufikira tsiku la tsoka. Mukagwa m'ngozi, mukaberedwa, mukagwidwa pa mpata wa apolisi, mudzaonetsa ciani? Wopanda cidindo saoneka m'buku lirilonse, ndipo angakhale ofesi ya kazembe wathu ku Lilongwe imavutika kumthandiza msanga.

Ndiponso njira zam'thengo masiku ano siziyendamo osaka maliro okha. Mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo yoposa 25 ya anthu amene apolisi anawaganizira kuti ndi a ku Ethiopia. Mu December caka comweco mitembo ina 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka. Amenewo anali ana a eni, otsogozedwa ndi anthu amene anawalonjeza kuwaolotsa popanda mapepala. Cifukwa ca ici, wopezeka m'njira yobisika sayembekeza cifundo cambiri, ndipo wolozera alendo otere njira kapena kuwasunga m'nyumba mwake apalamula mlandu waukulu. Anyakwawa acenjeze anyamata a njinga zamoto, pakuti ndiwo amanyengedwa msanga ndi kandalama.

Kwa Boma tiri ndi pempho. Mu December 2022 a Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula cipata catsopano pa Mwami, pamene wapaulendo amatsiriza za maiko onse awiri pamalo amodzi. Nchito yabwino imeneyo ifikenso pa Lusuntha. Komanso mlimi wofuna pasipoti amayenda makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, ndipo ndalama za basi ndi malo ogona zimamfooketsa asanalipire n'komwe pasipotiyo. Akuluakulu a ofesi ya mapasipoti aganizirepo zomabwera ku Lundazi pa masiku oikika, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene alimi agulitsa zokolola ndipo ali nako kam'thumba.