Kachilombo kosaoneka si kachilombo kotha

Amene amamwa ma ARV mokhulupirika amawadziwa mawu okoma a ku chipatala aja. Magazi apimidwa, zotsatira zabwera, namwino akuti, "Kachilombo sikakuoneka." Ndi nkhani yoyenera kuvinira. Vuto ndi loti ena akangomva zimenezi amathamangira kwa mneneri kukachitira umboni kuti achira, botolo la mankhwala n'kuliponya m'chimbudzi. Nthawi zambiri pakangotha milungu yochepa, kachilombo kamadzazanso m'magazi.

Kamakhala katabisala kuti? Mu 1997, magulu a akatswiri ku America, kuphatikizapo la Robert Siliciano wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, anapeza yankho. HIV imalowetsa chibadwa chake m'kati mwa maselo ena a CD4, ndipo maselowo amagona nako tulo. Ma ARV amaletsa kachilombo kuswana, koma kogonako sakafikira, ndipo chitetezo cha m'thupi sichikaona. Mlimi amene walimbanapo ndi kaufiti akumvetsa: munda ungaoneke woyera, koma njere zili m'nthaka kudikira chimanga. Gulu la Siliciano linawerengera kuti pangafunike zaka zoposa 70 zakumwa mankhwala kuti maselo amenewa athe okha.

Komabe alipo amene anachiradi. Woyamba ndi Timothy Ray Brown, amene mu 2007 ku Berlin anamuika maselo a m'mafupa a munthu wina pomuchiza khansa ya m'magazi. Dokotala wake, Gero Hütter, anasankha dala wopereka amene maselo ake analibe khomo lotchedwa CCR5, lomwe HIV imalowera. Brown anakhala wopanda HIV mpaka pamene khansa inamutenga mu 2020. Adam Castillejo wa ku London anatsatira, ndi ena owerengeka. Koma chithandizochi n'choopsa, chimatha kupha, ndipo amene achira nacho HIV anali odwalanso khansa. Anthu obadwa opanda khomo limeneli nawonso ndi ochepa, ndipo ambiri ndi a kumpoto kwa Ulaya.

Nkhani ya mwana wina wa ku Mississippi ndiyo inaphunzitsa ofufuza kusafulumira kuimba nthungululu. Anayamba mankhwala ali ndi maola 30 chibadwire, kenako anakhala miyezi 27 osamwa, kachilombo kosaoneka. Mu 2014 kanatulukiranso.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo ine chili pafupi ndi kwathu. Ku Durban, Pulofesa Thumbi Ndung'u ndi anzake anayesa njira yodzutsa chitetezo cha m'thupi ndi kuchipatsa asilikali amphamvu olimbana ndi HIV mwa amayi 20. Zotsatira za mu 2025 zinasonyeza kuti anayi anakhala chaka ndi theka osabwerera ku ma ARV. Anayi ndi ochepa, inde, koma kafukufukuyu anachitika pa amayi a ku Africa komanso kudera la mtundu wa C wa kachilomboka, womwe ndi wofala kuno. Kwa zaka zambiri ofufuza ankangoyang'ana mtundu wa B wa ku Ulaya ndi ku America.

Amayi a ku Durban aja anasiya mankhwala madokotala akuwapima magazi pafupipafupi, okonzeka kuwabwezera pa ma ARV kachilombo kakangodzuka. Choncho wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala ochiza HIV, mufunseni kuti anachiritsa angati, anawapima ndani, ndipo anawatsatira kwa zaka zingati. Akayamba kuzungulirazungulira, pitirizani kumwa mankhwala anu.