ZA UMOYO WATHU: MWANA WOBADWA WOSAMVA

Ku Kanyama, Matero ndi Chawama aliko makolo amene mwana wao saceuka poitanidwa, ngakhale citseko cimenyeke kumbuyo kwace. Ena athamangira kunena kuti walodzedwa. Koma kawirikawiri kugontha kotere nkwa kumtundu, kocokera kwa atate ndi amai omwe, cinkana iwo akumva bwino.

M'kati mwa khutu muli timitsempha tonyamula mau kunka ku ubongo. Akatswiri awiri, Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen, anatulukira kanthu ka m'thupi kokulitsa mitsempha, kochedwa NGF, nalandira mphotho ya Nobel mu 1986. Pambuyo pace ena anayesa zofanana nako pa mbewa zobadwa zogontha, ndipo timitsempha tambiri tinapulumuka. Koma kupulumutsa mtsempha pakokha sikubweza kumva.

Motero mankhwalawa akali poyesedwa. Wogulitsa madontho "otsegula makutu" pamsika angodya ndalama za banja. Makolo athamange ndi mwanayo kukapimitsa ku cipatala ca UTH kapena ca Beit CURE, ndipo banja lonse liphunzire naye kulankhula ndi manja akali wamng'ono. Paja mmera mpoyamba.