Oseka kansomba ka mizere sadziwa chimene akuseka

Andale akafuna kuomberedwa m'manja amatola kafukufuku wa dzina loseketsa n'kunena kuti misonkho ikuthera pa zachibwana. William Proxmire, phungu wa ku America, anachita zimenezi kuyambira 1975 mpaka 1988 ndi mphoto yake yachipongwe ya Golden Fleece. Mu 2008 Sarah Palin anachita chipongwe kafukufuku wa ntchentche za zipatso. N'zosavuta kuti chitonzo chomwecho chigwere zebrafish, kansomba ka mizere ka m'mitsinje ya ku India ndi Bangladesh, kachibale ka usipa, kamene asayansi amakabaya maselo a khansa ya chithokomiro.

Chitonzocho n'chaulesi. Chotupa cha khansa sichikula kupitirira mamilimita awiri ngati sichinapeze magazi. Judah Folkman wa ku Boston ananena zimenezi mu 1971, anzake ambiri n'kumukayikira. Lero zikudziwika kuti chotupa chimatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene imachititsa mitsempha yapafupi kuphuka nthambi zolowera kumene chili. Nthambizo zimakhala zokhotakhota ndi zodontha, komabe zimachidyetsa, ndipo maselo ake amatha kudzera momwemo popita kumapapo ndi m'mafupa.

Mwa munthu kapena mbewa, zonsezi zimachitikira pansi pa khungu. Kamwana ka zebrafish kamaonekera mkati ngati galasi. Mu 2002 Nathan Lawson ndi Brant Weinstein anapanga mtundu wa nsombayi umene mitsempha yake imawala mobiriwira pa maikulosikopu. Wofufuza amagoneka kamwana ka masiku awiri m'kambale, n'kukabaya timaselo ta chotupa pafupi ndi kathumba ka chakudya kapamimba pake. Chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chisanakhwime, motero sikakana maselo a munthu. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, timitsempha tobiriwira timaoneka titapatuka panjira yake kulondola chotupa chija, ndipo tingawerengedwe kamodzikamodzi. Mankhwala oyesedwa amangothiridwa m'madzi momwe kansombako kali. Yaikazi imodzi imaikira mazira mazanamazana, ndiye tinsomba toyesera sitisowa.

Ndi mmene ofufuza a ku Milan, kuphatikizapo Giovanni Vitale ndi Germano Gaudenzi, anayerekezera vandetanib ndi cabozantinib mu 2021. Mankhwala awiriwa, amene America inawavomereza mu 2011 ndi 2012 pa khansa ya chithokomiro yotchedwa medullary, amatsekereza kuphuka kwa mitsempha. Sorafenib ndi lenvatinib, a mitundu ina ya khansayi, amagwiranso chimodzimodzi. Onsewa amachedwetsa matenda, sachiza, ndipo odwala ambiri amawakwezera BP. Choncho kufunafuna abwinopo sikunathe.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka: nsomba si munthu. Zoonadi. Ilibe mapapo, imakonda madzi a madigiri 28 pamene maselo a munthu amafuna 37, ndipo chithokomiro chake n'chomwazikana m'mbali mwa mtsempha wapakhosi. Koma palibe wasayansi amene amachotsa mankhwala m'kambale n'kuthamangira nawo kuwodi. Ntchito ya nsombayi ndi kusefa msanga, pamtengo wotsika, kuti mbewa ndi anthu asayesedwe zinthu zopanda pake. Komanso mu 2013 ofufuza a Sanger Institute ku Britain anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya majini a munthu ali ndi ofanana nawo mwa zebrafish.

Phungu aliyense wofuna kudula ndalama za kafukufukuyu ayambe watchula njira ina yotchipa yoonera chotupa chamoyo chikukoka mitsempha. Akalephera, akhale pansi.