Uchamuna ukakwera ndege

Sabata yatha tinali pa mwambo wa chinkhoswe kuno ku Manchester. Nthawi ya chakudya, bambo wina anadzuka n'kuyamba kutsuka mbale. Anzake anaseka mpaka misozi, wina n'kunena kuti: "Achimwene awa anawadyetsa khuzumule basi." Bamboyo anangomwetulira, koma nkhope inagwa. Ine ndinasekanso nawo, ndisaname. Koma ndili m'basi pobwerera ndinadzifunsa: tinkaseka chiyani kwenikweni, pamene ambiri a ife amene tinali pamenepo timagwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za azungu?

Funso limeneli akatswiri a zamaphunziro akhala akulifufuza kwa zaka zambiri. Mu 1995, Raewyn Connell wa ku Australia analemba buku lotchedwa Masculinities. Mfundo yake ndi yakuti uchamuna suli wamtundu umodzi, ndipo munthu sabadwa nawo. Dera lililonse limasankha mtundu umodzi wa mwamuna n'kuuika pamwamba, kenaka amuna onse amayesedwa ndi muyeso umenewo. Amuna ochepa okha ndi amene amakwanitsa, koma ambiri amautetezabe chifukwa amapindula nawo. Kwathu muyesowo timaudziwa: mwamuna salira, mwamuna ndi m'thumba, mwamuna sakhudza mthiko.

Vuto ndi lakuti muyesowu unamangidwa pa ndalama. Agogo athu amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ankabwera ndi njinga ndi wailesi, ulemu wawo n'kukwera. Koma Dunbar Moodie, m'buku lake la 1994 lonena za moyo wa m'migodi ya golide, anaonetsa kuti kumeneko amuna ankakhala okhaokha m'makomboni, kutali ndi akazi awo, ndipo uchamuna wawo unkasintha malinga ndi moyo umenewo. Choncho si zachilendo kuti ulendo usinthe mwamuna.

Lero zinthu zatembenuka. Dziko la Britain litatsegula khomo la ntchito zosamalira okalamba mu 2022, mabanja ambiri a kwathu analowa kudzera mwa mayi. Viza ndi ya mayi, bambo ndi wongotsatira. Munthu amene kumudzi anali mphunzitsi wamkulu kapena bwana pa ofesi akupezeka akuperekeza ana kusukulu, mayi ali pa shifiti ya usiku. Ena azilandira bwino. Ena zikuwadya mumtima, ndipo mkwiyowo ukuthera pa mkazi: kumulanda khadi ya kubanki, kumufufuza mufoni, kumuletsa kucheza ndi anzake. Abambo anzanga, dziwani kuti ku England ndi Wales khalidwe lolamulira mnzako motere ndi mlandu kuyambira 2015, ngakhale usanamumenye ndi kamodzi komwe.

Anzathu a ku South Africa afika patali pa kafukufukuyu chifukwa moto unawatentha. Mu 2009, Rachel Jewkes ndi anzake a ku Medical Research Council anapeza kuti mwa amuna amene anawafunsa ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal, oposa mmodzi mwa anayi alionse anavomera okha kuti anagwiririrapo munthu. Sikuti onsewa anali amisala ayi. Ambiri ankaona ngati ndi ufulu wawo. Koma gulu lomweli linaonetsanso kuti maphunziro a Stepping Stones, amene anyamata amakhala pansi n'kumakambirana za moyo wawo, anachepetsa nkhanza zimene anyamatawo ankachitira abwenzi awo. Bungwe la Sonke Gender Justice, lomwe linayamba mu 2006, limagwira ntchito ndi amuna pa mfundo yomweyi: chimene munthu anaphunzira angathenso kuchisiya.

Ndikudziwa ena anena kuti izi ndi nzeru za azungu, zongofuna kupha chikhalidwe chathu. Koma chikhalidwe chake chiti? Kwa Achewa, mwamuna ankapita kuchikamwini, kukalima munda wa kwa mkazi, ndipo nkhani za ana ankaweruza ndi amalume. Mkamwini ameneyo sanali mwamuna? Zoti bambo ndiye mwini zonse pakhomo zinalimbikitsidwa kwambiri ndi mamishoni komanso ntchito ya malipiro. Chikhalidwe chakhala chikusintha, kungoti timakonda kukumbukira mbali imene ikutikomera.

Chinanso, kusintha kumene taona kumudzi sikunagwe kumwamba. Mu Januwale 2012, mavenda atavula amayi ovala mathalauza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amayi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa, ndipo Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo. Chaka chotsatira tinakhala ndi lamulo la Gender Equality Act. Nkhani ya ku Msundwe ya 2019 inafika kukhoti chifukwa maloya achizimayi sanaileke. Nthawi zonsezi amayi ndiwo ankatsogola, ife amuna ambiri tili chete pambali. Kukhala chete kumeneko ndi kumene Connell amanena kuti ndi kupindula mwakachetechete.

Komatu muyesowu ukupweteka ifenso. Malipoti a polisi ku Malawi amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Kuno kunja n'chimodzimodzi kulemera kwake: foni ya kumudzi ikalira ndi fizi, ndi feteleza, ndi maliro. Munthu sunganene kuti ndalema, poopa kuti akuyesa mwamuna wachabechabe. Ndiye umangomeza, mpaka tsiku lina zikuphulikira.

Pa 25 Novembala ayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi. M'mabungwe athu a Amalawi kuno timasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo timachita bwino. Bwanji osapezanso tsiku limodzi loti amuna tikhale pansi tikambirane tidakali moyo? Ana athu aamuna akukula akuona. Akaona bambo wotsuka mbale akusekedwa, phunziro alitenga pomwepo.

Bambo uja ndinamuimbira foni mawa lake kumupepesa. Anaseka n'kunena kuti mkazi wake anali atagwira ntchito maola 12 usiku umenewo. "Ndikanatani, achimwene?" Ndinasowa choyankha.