Mu hard drive yakale muli geni

Geni yobena nyimbo ndi mafilimu yachepa mphamvu chibwerereni WhatsApp ndi YouTube m'mafoni. Anyamata ambiri amene ali ndi kompyuta m'timashopu ta ku Limbe, Ndirande, Kawale ndi Mzuzu akungoswera osagwira kanthu, pomwe pali ntchito ina imene akanamapezerapo ya ndiwo.

M'makomo ambiri muli ma hard drive akale amene eni ake anangowasunga m'katoni kompyuta itafa. Nthawi zambiri chimafa ndi kompyuta, disiki ili bwinobwino, ndipo m'kati mwake muli zithunzi za ukwati, makalata a malo kapena kaundula wa ngongole za shopu. Vuto n'lakuti laputopu zambiri zatsopano zili ndi malo a USB okha, zina a USB-C basi, kotero disiki yakale ilibe polowera.

Mpamba wake si waukulu. Chofunika ndi adaputa yolumikiza disiki ku USB, ndipo wogula aonetsetse kuti ikulandira mitundu yonse iwiri, IDE ndi SATA. IDE ndi ija yakale ya timano 40 pa disiki ya kompyuta yapatebulo, kapena timano 44 pa ya laputopu. SATA inayamba kufala cha m'ma 2003, ndipo ndi imene ili m'madisiki ambiri amene kasitomala angabwere nawo lero.

Pamene ambiri amapusitsidwa ndi pa magetsi. Disiki yaing'ono ya laputopu, ya mainchesi 2.5, imayenda ndi mavoti 5 ochokera ku USB. Yaikulu ya mainchesi 3.5 imafunanso mavoti 12, choncho adaputa yopanda pulagi yakeyake siingaizungulitse. Wina amangoti disiki yafa, n'kubweza kasitomala, chonsecho yangosowa magetsi. Adaputa yotchipa yopanda pulagi imagwira theka la ntchito, ndipo ndalama imene munthu wapulumutsa pogula amaitaya pa makasitomala obwezedwa.

Disiki zokhala kale m'kabokosi kake zimangofuna chingwe choyenera. Koma asathamangire kuswa kabokosiko: disiki zina, monga za WD My Passport, zili ndi USB yomatiridwa pa disiki penipeni, ndipo m'kati mulibe SATA yoti n'kulumikizapo.

Ngozi yaikulu ili pa uthenga umene Windows imatulutsa wofunsa ngati disiki ifomatidwe. Yankho likhale ayi nthawi zonse. Uthengawu umabweranso ngakhale disiki ili yabwino, mwachitsanzo ikakhala kuti inkagwiritsidwa ntchito pa kompyuta ya Apple kapena ya Linux, zimene zimasanja mafayilo mwa njira imene Windows siiwerenga payokha. Kungodina kamodzi, zithunzi za malemu agogo zapita, ndipo kuzibweza n'kovuta. Nayo disiki imene ikulira kuti kha! kha! kha! izimitsidwe pompo, chifukwa kuikakamiza kumakanda mbale zosunga zinthuzo. Ndi kuthimathima kwa magetsi kuno, n'chanzeru kukopera pa laputopu ya batire yamoyo, kuyambira ndi zimene mwini wake akuzifunitsitsa.

Pa mtengo, kutchula ndalama imodzi disiki isanaonedwe n'kudziika m'mavuto. Ndi bwino kulipiritsa pawiri: kandalama kochepa koyesera ngati disiki ikuwerengeka, kenako mtengo wokopera malinga ndi kuchuluka kwa magigabayiti, zonse zogwirizana ntchito isanayambe. Kasitomala auzidwenso poyera kuti disiki ina siidzuka. Wogulitsa mafulashi apa amapha makwacha kawiri, bola akumbukire kuti fulashi ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB. Vidiyo yaitali ya ukwati imafuna exFAT kapena NTFS.

Chimene chingaphe geniyi msanga ndi kusasunga chinsinsi. Disiki ya munthu imakhala ndi zinthu zimene sanafune kuti wina azione, ndipo kamsika n'kakang'ono, mbiri siichedwa kuwanda. Komanso dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kulowa kapena kutenga zinthu za pakompyuta za munthu popanda chilolezo. Wochita geniyi akopere mwini wake ali pompo, ndipo ntchito ikatha afufute zonse zotsalira pa kompyuta ya shopu kasitomala akuona.