Ngolo ya ku Nsaru ndi Lamulo Loyamba la Newton

Mwana amene wakulira ku Nsaru kapena ku Kabudula amayamba sekondale ali ndi fizikisi yakeyake. Waona ngolo ya fodya ikuima ng'ombe zikangoleka kukoka, ndipo wapalasa njinga mumchenga mpaka miyendo kulema. Motero mumtima mwake mudakhazikika lamulo lakuti chinthu chimayenda pokhapokha pali chochikankha. Aristotle adaphunzitsanso chimodzimodzi, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya adazikhulupirira zaka mazanamazana.

Tsono mphunzitsi akalemba pabolodi lamulo loyamba la Isaac Newton, lofalitsidwa mu 1687, lakuti chinthu choyenda chidzapitirira molunjika pa liŵiro lomwelo ngati palibe mphamvu yochisokoneza, mwanayo satsutsa. Amaloŵeza bwino lomwe, koma lamulo la ngolo lija lili chikhalire. Akafunsidwa za mwala woponyedwa m'mwamba, amati mphamvu ya dzanja ikali m'mwalamo ndipo ikutha pang'onopang'ono. Chikhalirecho mwala ukachoka m'dzanja, chimene chatsala, tikapatula mpweya, ndi kukoka kwa dziko, kumene kumachotsa mamita 9.8 pa sekondi pa liŵiro lake sekondi iliyonse. Si vuto la kuno kokha ayi, pakuti John Clement adalemba mu 1982 kuti ophunzira za uinjiniya ku America ankayankha momwemo.

Chilankhulo nacho chimawonjezera mtolo. Chingerezi cha m'kalasi chimasiyanitsa force, energy ndi power, pamene mwana akamaganiza m'Chicheŵa zonsezo nkungoti mphamvu.

Aphunzitsi ambiri amaloza chala masamu ndi kusoŵa kwa zipangizo ana akalephera mechanics pa mayeso a MSCE. Kudandaulako nkomveka, koma kulakwa kwakukulu ndi kuthamangira F = ma mwana asananene poyera chimene iye amakhulupirira. Nkoyenera kuti ayambe walosera yekha, kenaka aone ndi maso. Njerwa yathunthu ndi chibenthu chake zikagwetsedwa pamodzi, idzayambe kufika pansi ndi iti? Nanga njinga yosiyidwa kupalasa imapitiriranji patali pa tala kusiyana ndi mumchenga? Apo mwana adzatchula yekha kukhulana kwa matayala ndi nthaka, kumene kumaimitsanso ngolo ija. Ndipo minibasi yochokera ku Namitete ikagwira mabuleki mwadzidzidzi, afotokoze amene wakankhira anthu onse kutsogolo.