AMERICA YANENA POYERA KUTI IKUFUNA MIYALA. NANGA IFE TIKUFUNA CHIYANI?

 Uthenga wa lero ngwautali pang'ono. Sungani bandulo, muwerenge mpaka pansi.

Pa 27 Juni 2025, nduna zoona za ubale ndi maiko ena za DRC ndi Rwanda zinasainirana pangano la mtendere ku Washington. Tsiku lomwelo Donald Trump anauza atolankhani mosapsatira kuti dziko lake lipezapo mwayi waukulu pa miyala ya ku Congo. Pa 4 Disembala, Félix Tshisekedi ndi Paul Kagame anapita okha kukatsimikiza panganolo pamaso pa Trump. Zithunzi anajambula, m'manja anaomba. Sabata isanathe, zigawenga za M23 zinalowa mu mzinda wa Uvira, amayi ndi ana n'kuyambanso kuthawa ndi mitolo kumutu kulowera ku Burundi.

Mwina wina akuti, aise, za ku Congo ife zikutikhudza bwanji, pomwe tikulephera kugula ndi sopo yemwe? Zikutikhudza ndi magazi. Mu 2013 asilikali athu, pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, ndi amene anathamangitsa M23 koyamba. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo United Nations inamupatsa mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima atamwalira kale. Mu Januwale 2025, M23 ikupita kukalanda Goma, tinatayanso asilikali atatu amene anali pansi pa gulu la SADC. Mwezi wotsatira mtsogoleri wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu ayambe kukonzekera zobwerera. Mabokosi anabwera kuno. Tebulo lokambirana za mtendere ndi miyala linakakhala ku Washington ndi ku Doha, ndipo pa tebulopo panalibe mpando wa Mmalawi.

Chimene America ikufuna ku Congo n'chodziwika. Dzikolo limatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a cobalt wa dziko lonse lapansi, mwala umene umalowa m'mabatire a magalimoto amagetsi ndi a foni imene mwagwirayo. Migodi yambiri ikuluikulu ili m'manja mwa makampani a ku China. Coltan wa ku Rubaya, dera limene M23 inalanda mu 2024, amalowanso m'mafoni. America yachedwa pa mpikisano umenewu ndipo ikufuna kupeza China. Musaganize kuti ndi za Trump yekha. Joe Biden naye, mu Disembala 2024, anakwera ndege mpaka ku Angola kukaona njanji ya ku Lobito, imene ntchito yake ndi kutulutsa kopa ndi cobalt wa ku Congo ndi Zambia kupita ku nyanja ya Atlantic. Zipani zawo zimatukwanana kwawo, koma pa miyala yathu zimayankhula chimodzi.

Tembenukirani kum'mawa, tsidya lija la nyanja. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira mu Okutobala 2017. Zitaukira tawuni ya Palma mu Malichi 2021, kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi. Mu Malichi 2025, banki ya boma la America yotchedwa EXIM inavomereza ngongole ya madola 4.7 biliyoni yothandizira ntchito ya gasi yomweyo. Taonani nthawi yake. Miyezi iwiri m'mbuyomo, pa 20 Januwale, Trump anali atasaina lamulo loimitsa thandizo la ku maiko akunja kwa masiku 90, ndipo pofika pa 1 Julayi USAID inali itatsekedwa. Ndalama za mankhwala ndi chakudya akuti ndi kuwononga misonkho ya anthu awo. Ndalama za gasi zinapezeka. Nde munthu ufunenso umboni wanji?

Ife tili pakati pa moto uwiriwu, ndipo chaka cha 2025 tinalandira gawo lathu. America inkapereka ku Malawi madola oposa 350 miliyoni pa chaka, ambiri mwa iwo ku zaumoyo. Thandizo litaima, anzathu ambiri amene ankagwira ntchito m'mabungwe anabwerera kumakomo kudzatipeza ife amadigiri a m'sutikesi. Pangano lachiwiri la MCC, la madola 350 miliyoni, limene linasainidwa mu 2022 kuti limange misewu ya kumidzi, linafera m'njira. Pa 20 Ogasiti, Malawi ndi Zambia anakhala maiko oyamba kumene munthu wofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi ku America ankayenera kusiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Madola 15,000 anali ndalama zoposa K26 miliyoni pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, za pamsika wakuda tisanene. Mu Disembala anationjezera pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zaikidwa malire polowa m'dzikomo, ophunzira omwe. Mwala wathu ungathe kulowa. Mwana wathu ayi.

Tinene chilungamo, chifukwa gulu lino siliyenda ndi bodza. Thandizo la America linapulumutsa miyoyo. PEPFAR, imene George W. Bush anayambitsa mu 2003, ndi imodzi mwa zifukwa zimene ambiri a ife obadwa m'ma 2000 tili ndi makolo lero. M'dziko muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi HIV, ndipo mankhwala awo kwakukulu amagulidwa ndi ndalama zakunja. Pangano loyamba la MCC linakonza Nkula A ndi kumanga nthambo zamagetsi, kuphatikizapo ya kuchoka ku Chintheche kudutsa Luwinga mpaka Bwengu. Zimenezo n'zoona. Koma makolo anati kupatsa n'kuika. Dziko lamphamvu likamapereka limakhala likusunga, ndipo tsiku limafika lodzatenga kapena loona kuti pano palibenso phindu.

Kuno ku Usisya nkhani imeneyi siiwerengedwa m'mabiliyoni. Msewu wochoka ku Mzuzu umatsetsereka m'mapiri, mvula ikagwa galimoto imakana, ndipo ambiri amadalira boti kapena kudikira Ilala. Kumalo kotere, mankhwala akachedwa palibe famase ya pakona yoti uthamangireko. Mawu akuti "thandizo laima" akamveka pa wailesi, mayi amene amamwa ma ARV amayamba kuwerenga mapilisi otsala m'botolo. Munthu amene anasaina pepala ku Washington sanamvepo dzina la Usisya, ndipo sitingamudabwe. Amene tiyenera kumufunsa ndi uyo amalidziwa dzinali nthawi ya kampeni yokha, amene kwa zaka zoposa 60 za ufulu wasiya moyo wa mayi ameneyu m'thumba la mlendo.

Khalidwe limeneli si lachilendo. Uranium wambiri amene anapangira bomba la ku Hiroshima mu 1945 anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga. Patrice Lumumba anaphedwa pa 17 Januwale 1961, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo ya America yomwe inapeza mu 1975 kuti CIA inakonzapo chiwembu chomupha. Mobutu analamula kuyambira 1965 mpaka 1997, zaka zambiri mwa izo akudyetsedwa ndi America chifukwa ankadana ndi chikomyunizimu. Kwathu kuno Kamuzu naye anali bwenzi la azungu pa chifukwa chomwecho. Anthu ankatsekeredwa popanda mlandu, maiko a azungu ali chete. Orton Chirwa, mwana wa boma lino la Nkhata Bay, anakhala m'ndende zaka zoposa khumi mpaka anafera ku Zomba mu Okutobala 1992. Opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo mu Meyi 1992, Soviet Union itagwa kale, mabishopu atawerenga kale kalata yawo ya pa 8 Malichi, ophunzira ndi ogwira ntchito atalowa kale m'misewu. Amene anayamba ndi Amalawi. Akunja anabwera pambuyo ataona kuti nkhalamba ija ilibenso ntchito kwa iwo.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kale Malawi ankatchedwa dziko la fodya ndi tiyi basi. Lero mapu a anthu ofuna miyala ali ndi madontho pa dziko lathu. Uranium ku Kayelekera ku Karonga, kumene Lotus Resources inayambiranso kukumba mu 2025. Niobium ku Kanyika ku Mzimba. Rutile ndi graphite ku Kasiya ku Lilongwe. Miyala yosowa ija amati rare earths ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Imeneyi ndi mitundu yomweyo imene America ndi China akulimbirana. Ngakhale nyanja ino, mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanjayi, ndipo mkangano wa malire ndi Tanzania unadzuka pompo. Msodzi wa usipa anangomvera pa wailesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo tinalawapo kale. Pangano loyamba la Kayelekera ndi kampani ya Paladin linakhala lobisika kwa zaka. Pamene zinadziwika, tinapeza kuti boma linatsitsa msonkho wa mwala wokumbidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Paladin inali ya ku Australia, osati ya ku America, ndipo phunziro lake ndi lomwelo: mlendo aliyense amatenga zimene mwini nyumba wasiya poyera. Amene akukuuzani kuti tithawire kwa China kapena Russia akungokusinthirani bwana. Migodi ya makampani a ku China ili ku Katanga zaka zambiri, koma mwana wa ku Kolwezi akukumbabe cobalt ndi manja.

Ndiye ife sitikupita kukalira pa geti la kazembe wa America. Iwo ali ndi mfundo yawo ndipo ainena: malonda, miyala, ndi kutseka chitseko. Funso ndi lakuti mfundo yathu ndi iti. Kwa boma lililonse limene lili pampando, la chipani chilichonse, tikufuna izi:

1. Pangano lililonse la migodi, gasi kapena mafuta liikidwe poyera lonse, tsamba ndi tsamba, ndipo chidule chake chimasuliridwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chitonga, Chiyao ndi zilankhulo zina, chipachikidwe kwa DC ndi kwa mfumu ya deralo. Malawi analowa mu EITI mu 2015 polonjeza kuchita zinthu poyera. Tikungokumbutsa lonjezo.

2. Pangano lililonse ndi dziko lakunja limene likumangiriza mankhwala, chakudya kapena chitetezo ku miyala yathu likambidwe ku Nyumba ya Malamulo, pa wailesi, lisanasainidwe. Thanzi la mayi wa ku Usisya si chikole.

3. Bajeti ikhale ndi ndalama zathuzathu za ma ARV, mankhwala a malungo ndi a TB, zokwera chaka ndi chaka. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ayambire kudula midipiti ya magalimoto, maulendo akunja ndi ma alawansi.

4. Boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosayenga mu Okutobala 2025. Lamulo n'labwino, koma litiuze fakitale zoyengera zimangidwa kuti, ndi magetsi ati, ndipo achinyamata angati a ku MUST, MUBAS ndi Mzuni alembedwa ntchito. Lamulo lopanda ndondomeko limangotsegulira mpata ozembetsa.

5. Msilikali wathu asatumizidwenso ku nkhondo ya kunja popanda aphungu kufunsa cholinga, zida ndi tsiku lobwerera. Mabanja a amene anafera ku Congo alandire zonse zowayenera, osayendera maofesi mpaka nsapato kutha.

Nanga inuyo muchite chiyani sabata ino? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Silifuna digiri kapena loya. Mugwirizane anthu asanu, mulembe kalata ku unduna woona za migodi kapena ku khonsolo yanu, mupemphe pangano la mgodi umene uli m'boma lanu. Jambulani kalatayo itadindidwa, mutumize pagulu pano. Akakana kapena akakhala chete, pitani ku Malawi Human Rights Commission, ndiwo amayang'anira lamuloli. Imbirani phungu wanu mumufunse ngati anawerengapo pangano limodzi lokha la migodi. Yankho lake mulilembe, tidzalifuna pa chisankho.

Tsiku lolowa mumsewu likafika, gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino likutipatsa ufulu wochita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Osaotcha shopu ya munthu, osagenda mlendo, osakhudza othawa nkhondo a ku Dzaleka. Ambiri a iwo anathawa nkhondo yomweyi ya ku Kivu, ndipo ndi mboni za zimene zimachitika dziko likakhala ndi miyala koma lopanda mwini. Amene akuba amakondwa tikamaotcha matayala, chifukwa utsi umabisa mapepala.

Nkhanga zinapangana kusanache. Miyala yambiri ikadali pansi, mapangano ena sanasainidwe, ndipo ife ndi amene tidzakhale m'dziko lino maenje akadzatsala. Tumizani uthengawu kumagulu anu onse, a kusukulu, a kutchalitchi, a kumzikiti, a mpira. Amene alibe bandulo muwawerengere.